Injini ya Mayi Juliana Itamwa Madzi

Kwa Tengani mukafunsa kuti kwa a Juliana Zuze ndi kuti, anthu amayamba ayang'anizana kaye. Koma mukangoti "mayi a pikapu aja", ngakhale wogulitsa masau m'mbali mwa msewu amakulozerani: mudutse tchalitchi, mukhotere kumanja pa mlambe, mukaona pansi pakuda ndi oyilo ndiye kuti mwafika.

A Juliana anabadwira kutsidya, cha ku Mutarara. Anawoloka Shire ali kamtsikana, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, atasenza mtolo wa zovala, mlongo wawo Augustino ali kumsana kwa mayi awo. Anakulira kuno, nakwatiwa ndi a Paison, telala wofatsa amene mpaka lero chinthu chokha chimene amayendetsa ndi makina osokera. Kuyendetsa galimoto anakuyambira ku Nchalo, kuminda ya nzimbe, kumene ankagwira ntchito yopalira. Dalaivala wina wa thalakitala ankakonda tulo ta masana, ndiye dzuwa likasuntha ankawatuma kuti asunthire thalakitalayo pamthunzi. Poyamba ankaisuntha pang'ono chabe. Kenako mthunzi unayamba kupezeka kutali.

Atasiya ntchito anayamba kugulitsa nsomba, makakana ndi milamba youma, kenako mbuzi, mpaka anagula pikapu ya dizilo kwa mkulu wina wa ku Bangula amene maso anali atayamba kumuvuta. Inali yakale kale pomwe ankaigula. Akuti poyamba inali yoyera, koma palibe amene anaionapo itayera. Chitseko cha kumanzere chinkatsekedwa ndi waya, hutala inkalira ikafuna. Injini yokha ndiyo sinkadandaulitsa: mmamawa kungoikhudza, yalira. Pikapu imeneyi yanyamulapo thonje, mapira, mbuzi, odwala, akwati ndi mabokosi a maliro, nthawi zina zingapo mwa zimenezi pa ulendo umodzi. Ndipo a Juliana sankayenda pang'onopang'ono. Nkhuku za m'mbali mwa msewu wa ku Nsanje zinkawadziwa kumveka kwake.

Tsoka linawapeza m'mwezi wa February, akuchokera ku ukwati kwa Ndamera atanyamula amayi a kwaya. Pali kamtsinje kena panjira, kamene pafupifupi chaka chonse kamakhala mchenga wokhawokha. Tsikulo kuno kunalibe ngakhale dontho la mvula, koma kumapiri inali itagwa, ndipo kamtsinjeko kanali katadzaza madzi ofiira. A Juliana anaima n'kuyang'ana. Kutsidya kunatulukira bambo wina atanyamula njinga paphewa, nayamba kuwoloka, madzi akumulekeza m'maondo.

"Pyadidi, zili bwino," anatero a Juliana, uku akulowetsa giya. "A m'maondo okhaokha."

Chimene sanachione ali patali n'chakuti bamboyo anali wamtali ngati mgwalangwa. Pikapu inalowa bwinobwino, amayi akuimba kumbuyo. Itafika pakati, madzi anakwera pa boneti, injini inangoti kho! n'kukhala chete. Nyimbo nayo inathera pomwepo. A Juliana anapotokola kiyi kamodzi, kawiri, mkati mukumveka ngati munthu akumenya mpini pamwala. Pamapeto pake anawatulutsa ndi ng'ombe za ngolo, amayi a kwaya akuwoloka wapansi atakwinya mayunifomu, wamtali uja akuthandiza kukankha mosadziwa kuti nkhani yonse yayambira pa miyendo yake.

Augustino, mlongo wawo uja, ndi makaniko. Galaja yake ili ku Bangula, pansi pa mtengo wa nimu. Atatsegula injini anaitana a Juliana kuti adzaone okha. Anatulutsa kachitsulo kamene kamagwira pisitoni, kamene kamayenera kukhala kowongoka, koma kanali katapindika ngati nthochi.

"Achemwali, madzi sapanikizika," anatero. "Injini ikamwa madzi mumaisiya. Inu munaipotokolanso kiyi?"

"Kamodzi."

"Kamodzi?"

"Iwe, ndinali pakati pa mtsinje ndi kwaya yathunthu. Unkafuna ndiwerenge?"

Augustino anapukuta manja n'kuwafotokozera kuti njira zilipo ziwiri. Yoyamba, kuimasula yonse n'kuimanganso: mapisitoni atsopano, maring'i, magasiketi, buloko, thupi la injiniyo, n'kupita nayo ku Blantyre kuti akaipale mkati. Imeneyo ndi ntchito yofuna kudekha. Yachiwiri, kuichotsa n'kuikamo ina, mwa zija zimabwera m'makontena kuchokera kunja. Iyeyo mtima wake unali pa yoyamba.

"Iyi ndimaidziwa ngati m'thumba mwanga," anatero. "Yachilendo sindingakulonjezeni kanthu."

Nkhani itafika kunyumba, inapeza munthu wa maganizo ena. Shadreck, mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo Ethel, bambo wa mdzukulu wawo Pempho, amayendetsa minibasi pakati pa Nsanje ndi Blantyre, ndipo za ku Limbe amazidziwa. Ndi munthu waulemu kwambiri, moti polankhula ndi apongozi ake amakhala chapatali, atayang'ana kumbali, ngati akuuza mtengo. Tsiku limenelo anauza mtengo wa mango motere:

"Amayi, kumanga injini yakale n'kusoka chigamba pa nsalu yotha. Lero mukonza apa, mawa pang'ambika pena. Ku Limbe kuli injini yabwino, ndaiona ndi maso angawa. Yoyera mbee, ngati sinagwirepo ntchito. Sabata imodzi, galimoto ili pamsewu. Thonje likayamba mudzakhala muli okonzeka."

A Paison, amene ankasoka pakhonde, anaimitsa makina. "Chigamba chikasokedwa bwino chimakhalitsa kuposa nsaluyo," anatero, n'kupitiriza kusoka. Anaoneka okhutira kuti za ntchito yawo azikonza.

Mawu a thonjewo ndi amene anawalowa a Juliana. Nyengo ya thonje ndi imene pikapu imadya bwino, ndipo alimi a kwa Tengani sadikira munthu. Masiku amenewo ankangozungulira pabwalo opanda chochita, akuyang'ana malo amene galimoto inkagona. Akakwera kabaza kupita kumsika, ankamuuza wopalasa pokhotera ndi pochepetsa liwiro, mpaka anyamata a kabaza anayamba kuwathawa. Akapita kwa Augustino ankabwerako atatsimikiza zomanganso. Shadreck akadutsa madzulo, ankagona atatsimikiza zogula ina.

"Mayi a Ethel," anatero a Paison tsiku lina, "pitani mukaione injiniyo. Mukapitiriza chonchi mutidwalitsa tonse."

A Juliana anakwera minibasi ya mkamwini wawo, atakhala kutsogolo, phazi likuponda buleki amene panalibe. Ku Limbe Shadreck anawalowetsa m'shedi yaikulu mmene mainjini anali atandandalikidwa pa matayala akale. Imene ankanena ija inalidi yokongola. A Juliana anaizungulira, naigwira, nasuzumira pothirira oyilo. Mtima unayamba kupita. Wogulitsa, mnyamata wonenepa wansangala dzina lake Limbani, anaiyamikira kuti ndi yamphamvu kuposa yawo ndiponso simwa mafuta ambiri.

"Tailizeni ndiimve," anatero a Juliana.

Limbani anaseka. "Mayi, pano sitingailize. Izi zimabwera chonchi. Imalira ikalowa m'galimoto, mutalumikiza mawaya onse ku kabokosi aka."

Anawaonetsa kabokosi kachitsulo kokhala ndi mtolo wa mawaya amitundumitundu, wonenepa ngati mkono wa munthu. Anati kameneko ndiye ubongo wake, ndi kamene kamauza injini zochita.

"Nanga ubongowo ukadwala?"

"Mumabwera nayo kuno, timaika pa kompyuta, imatiuza chavuta."

"Ikadwalira kwa Ndamera?"

"Kwa Ndamera ndi kuti?"

A Juliana anamuyang'ana Limbani, nayang'ana mawaya aja. Anaganiza za njira zimene amayenda, za fumbi la October lolowa mpaka m'mano, za matope a m'madimba, za makoswe a kunyumba kwawo amene anadyapo kale waya wa hutala. Injini yawo yakale ikazima kutchire, Augustino ankabwera pa njinga yamoto ndi masipanala m'thumba la shuga, dzuwa lisanapendeke yalira. Iyi ikanafuna kuikweza phiri lonse la Chikwawa kuti ikaonane ndi kompyuta.

"Takhuta, mwanawe," anathokoza m'Chisena. "Ndi yabwino, koma nkhabe, ayi. Si ya kwathu."

Limbani sanakhumudwe, anati ogula ndi ambiri. Amene anakhumudwa ndi Shadreck. Pobwerera, ngakhale wailesi sanatsegule. A Juliana anadziwa kuti mkamwini akachita manyazi nyumba ya mwana wako sikhala bwino. Atatsika phiri, akudutsa pa Thabwa, anayankhula akuyang'ana pawindo, mwa ulemu womwewo wa iyeyo.

"Bambo a Pempho, buloko ija ikufunika munthu wodziwa Blantyre. Augustino akapita yekha akamupatsa zinthu zabodza. Mapisitoni enieni angawadziwe ndi inu."

Shadreck anakhosomola pang'ono. "Pali malo amodzi okha amene amapala bwino," anatero. "Enawo amangowononga." Pofika pa Nchalo wailesi inali ikulira.

Ntchito inatenga nthawi kuposa mmene Augustino ananenera. Buloko inapita ku Blantyre pansi pa mpando wa minibasi, n'kukakhalako. Maring'i oyamba anabwera aang'ono, anabwezedwa. Thonje linayamba kuthyoledwa injini ili zidutswazidutswa pa chiguduli, ndipo alimi amene ankanyamulitsa kwa a Juliana anapita kwa Daliso, mnyamata wa ku Phokera amene anali ndi pikapu yofanana ndi yawo. A Juliana ankapita ku galaja tsiku ndi tsiku, atakhala pa chigubu, akutsuka mabawuti m'palafini ndi kufunsa mafunso, mpaka Augustino anawapempha kuti azibwera Lachisanu lokha.

Tsiku loiliza kunasonkhana anthu ngati pali msonkhano. Injini inakhosomola, inatulutsa utsi woyera umene unathamangitsa amayi ogulitsa mandasi, kenako inagwira, n'kuyamba kulira mosalala kuposa kale. A Juliana anavina pang'ono pafumbi pomwepo. Ali mkati movina, Augustino anawauza mawu amene anali atawasungira.

"Achemwali, injini yomangidwa kumene ili ngati munthu wochokera ku opaleshoni. Mwezi wathunthu muziyenda pang'onopang'ono. Katundu wopepuka. Mukaithamangitsa, musabwerenso kuno."

Mwezi umenewo anthu a kwa Tengani sadzauiwala. Mayi amene ankadutsa ngati mphepo anayamba kuyenda ngati ali pa mdipiti wa maliro. Anyamata a kabaza ankawapitirira akuliza belu, ena akuwafunsa ngati akufuna kukokedwa. Tsiku lina ngolo ya ng'ombe inayenda nawo limodzi kuchokera pamsika mpaka pa mlambe, mwini ngolo akucheza nawo za mitengo ya mapira. Choipitsitsa chinali Daliso. Injini yake nayo inali itatopa, ndipo Shadreck, posafuna kuti injini yabwino ija ipite kwa alendo, anamutengera kwa Limbani. Tsopano pikapu ya Daliso inkawadutsa a Juliana ngati aima, thonje litadzaza mpaka pamwamba, iye akukweza dzanja mwaulemu. Mpaka lero injini imeneyo ikuyenda bwino, ubongo wake sunadwalepo, ndipo Shadreck amaitchula nthawi ndi nthawi akamacheza ndi mtengo wa mango.

A Juliana amangoti aliyense ndi yake. Thonje la chaka chimenecho analiphonya, koma mbuzi sizikhala ndi nyengo. Mwezi utatha, Augustino anasintha oyilo, namanganso mabawuti, n'kunena kuti tsopano akhoza kuiyesa paphiri. A Juliana anakweza mbuzi za wogula wina wa ku Blantyre n'kunyamuka kukuzizira. Pa Thabwa anaima, nathira madzi, nachita chizindikiro cha mtanda, n'kuyamba kukwera. Pikapu inakwera m'makona onse aja mosajejema, kasingano ka kutentha kali pakati, mbuzi zikulira kumbuyo. Pa kona ina anapeza lole yonyamula shuga ikukwawa, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni mumtsinje muja, a Juliana anatsitsa giya n'kupitirira munthu.

Atafika pamwamba anaimika pambali n'kuimbira Augustino.

"Takwera," anatero.

"Yatentha?"

"Ngakhale pang'ono."

"Utsi?"

"Wa ulemu."

"Chabwino. Pobwera mundigulire kabichi, kuno kwadula."

Anagula kabichi atatu, wina wa Augustino, wina wa kwa Ethel, wina wa kunyumba. Pobwerera, m'malo mwa mbuzi anakweza mabelo a kaunjika a amayi awiri a ku Bangula amene anawapeza akudikira basi, ndipo anakambirana nawo za mitengo ya zitenje njira yonse mpaka kutsika phiri.