Suti ya Mlaliki

Dzulo mdzukulu wanga anagula ku Limbe buku la zithunzi lofotokoza mbiri ya anthu otchuka akale. Fungo la guluu wake linandibwezera kusukulu ya ku Chirimba, ndili Sitandade 4. Anzanga a nthawiyo amasimba kuti tsiku lina ndinalira. Amanama, sindinalire.

Aphunzitsi anatisonyeza buku lotere, lonena za mlaliki wina amene analimbana ndi atsamunda. Wojambula anamuveka chikopa cha nyalugwe, mkondo uli kumanja.

"Pepani aphunzitsi, chithunzichi n'cholakwika," ndinatero. "Agogo anga aamuna ankamunyamulira katundu. Akuti mlalikiyo ankavala suti ndi tayi."

"Iwe ndi buku, wophunzira ndani?"

Kalasi yonse inaseka, n'kunditcha wabodza.

M'mawa mwake ndinakokera agogowo kusukulu kuti akandichitire umboni. Sankadziwa kuwerenga. Anavula chipewa pakhomo, anapukuta zikhato pamalaya, nalandira bukulo ndi manja awiri. Anayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali.

"Nenanitu agogo! Suti ija!"

Iwo anabweza bukulo atawerama.

"Ngati buku latero, aphunzitsi, ndiye kuti maso angawa ndiwo analakwa."

Ndinaluma mlomo mpaka ndinalawa magazi.