Ndi Ena

Mkulu wosunga makiyi a nyumba ya zinthu zakale pa parishipo sachedwa kupsa mtima. Ukangokhudza chikho cha Misa ndi manja athukuta, amakutulutsa. "Kuona ndi maso, manja m'thumba," amatero.

Koma chimene chimamudya moyo ndi chithunzi chopachikidwa pafupi ndi belu long'aluka. Wansembe woyamba wakhala pampando, kumbuyo kwake kwaima anthu amene ankasenza njerwa zomangira tchalitchi. Pansi pake a komiti analembapo kuti, "Bambo mfumu woyamba ndi ena."

"Ena ndani?" amakalipa, akugogoda galasi ndi chala. "Awa ndi mayi anga, ali ndi pakati pa ine. Tsitsi linawathera pamutupa ndi njerwa!" Watopa kupempha kuti alembepo maina. A komiti amangoti malo ndi ochepa.

Tsiku lomwe kunabwera a bishopu, anamuuza kuti ndiye awalandire. A tcheyamani ndi komiti yonse anandanda pakhomo atatchena masuti, kudikira kuti awatchule mmodzimmodzi. Mkuluyo anagwada, napsompsona mphete ya a bishopu.

"Ambuye, ine ndine wosunga makiyi." Kenaka analoza a komitiwo ndi mlomo. "Awa ndi ena."