Zingwe za a Kalaliki

A Kalaliki anagwira ntchito pa fakitale ya sopo zaka makumi atatu ndi ziwiri, akulemba mayina a olowa ndi otuluka pageti, ndipo zaka zonsezo ankakhala m'nyumba ya kampani, nambala 14, kuseri kwa thanki ya madzi. Anali munthu wosasintha njira. Ngakhale mwezi umene msewu wawo unakumbidwa, iwo ankadumpha ngalande m'malo mozungulira.

Atapuma ntchito, kampani inawapatsa miyezi itatu kuti atuluke. Akazi awo anasangalala chamumtima. Khitchini ya nyumbayo inali yopapatiza, yopanda zenera, moti anthu awiri sankapatukirana, ndipo zigongono za mayiwa zinali zipsera zokhazokha. Tsopano anali ndi puloti yawoyawo yoti amangepo nyumba, ndipo ankati aphikeko powala asanafe.

Koma sabata lomaliza a Kalaliki anagula chingwe n'kuyamba kukwawa m'zipinda za ku 14, akuyeza makoma. Pamene khoma lathera ankamangapo mfundo. Chipinda chilichonse chinali ndi chingwe chake, chomata kapepala. Mmisiri atabwera ndi pulani yojambula bwino, iwo anamubwezera n'kumupatsa zingwezo m'jumbo. Anawonjezera kuti pakati pa kanjira kopita kuzipinda pakhale sitepe, monga zinalili ku 14. Mmisiriyo anafotokoza mwaulemu kuti sitepe imeneyo kunali kulakwitsa kwa omanga akale. A Kalaliki anati phazi lawo linazolowera, ndipo kulakwitsako amange nako.

Mayiwa anayesa zonse. Analankhula mofatsa, anatuma mwana wawo wamkazi, anakhala masiku awiri ali duu. Bambowo ankangoyankha kuti khitchini yomweyo inalera ana asanu, ndipo palibe amene anagona ndi njala.

Tsiku lokhoma zikhomo za maziko, a Kalaliki anapita kukalandira simenti. Mayiwa anasolola chingwe cha khitchini m'jumbo muja, anamasula mfundo ndi mano, n'kukaimanga kunsonga kwenikweni, mikono iwiri patsogolo. Mmisiri anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula, kenaka anakhoma chikhomo pa mfundo yatsopanoyo osafunsa kanthu.

A Kalaliki atabwerako anayendera maziko onse, manja kumbuyo, milomo ikuwerenga mapazi. Pabalaza anagwedeza mutu kuvomereza. Pofika pa khitchini anayenda, nabwerera, nayendanso.

"Mayi a ana, khitchini iyi yatupa."

"Yatupadi. Ndaitupitsa ndine."

"Ku 14 ndikakhala pakampando pakhomo paja, ndinkangotambasula dzanja, kapu ya tiyi n'kundipeza. Apa ndiye ndizichita kufuula?"

"Muzidzuka, bambo, miyendo muli nayo. Inu munkakhala pakhomo, wopsa mkatimo ndinali ine. Mukazula chikhomo icho muziphikamo nokha."

Mmisiri anapeza chochita kutali, kumulu wa mchenga. A Kalaliki anawerama n'kugwira chikhomocho. Mayiwa anapinda manja, akudziwa kuti munthu uyu sanabwererepo pa mawu ake chikwatiranireni. Bambowo anakhala chiweramire nthawi yaitali, mpaka msana unayamba kuwakumbutsa zaka. Kenaka anadzuka, anachipondereza pansi ndi chidendene, n'kuitana mmisiri kumudzudzula kuti amakhoma zikhomo zogwedera.

Mayiwa sanathokoze. Anali atatola kale kamtengo, akulemba pansi kukula kwa zenera.