Matenda Akula

Kwathu kuno ku Utale, munthu akamwalirira kutali uthenga wake sapatsa aliyense. Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi inali ya mayi Matilda, akazi a bambo Pitala opala matabwa aja. Palibe anawasankha, nkhope yawo ndiyo inawapezera ntchitoyi. Ndi nkhope yosagwedezeka, yoti ngakhale paukwati imaoneka ngati ikudikira minibasi.

Mawu oti "amwalira" sanatulukepo m'kamwa mwawo. Ankafika pakhomo, kulandira mpando, kufunsa za mvula ndi za mbuzi, kenako n'kunena kuti, "Kuchipatala kuja matenda akula, konzekani tizipita." Aliyense wokulira kuno amadziwa tanthauzo lake. Munthuyo wapita kale, angokupatsa mpata woti umange chitenje usanagwe pansi.

Mliri wa korona utafika unagwira bambo Pitala. Anawatengera kuchipatala kutsidya kwa Shire, m'chipinda cha odwala mwakayakaya, n'kuwaika pamakina a mpweya. Odikirira odwala sankaloledwa kulowa. Mayi Matilda, amene chikwatiwireni anali asanalolepo munthu wina kuwapatsira amuna awo madzi osamba, anatsala kunja kwa mpanda pamodzi ndi amayi ena, maso ali pazenera lotseka. Chakudya sichinkatsika, tulo osabwera. Nditakawazonda ndinawapeza akupinda shati ya amuna awo, kuifunyulula, n'kuipindanso. Zinandimvetsa chisoni kwambiri, moti nthochi zomwe ndinawatengera ndinabwerera nazo osadziwa.

Nkhani za m'katimo ankabwera nazo ndi namwino wina, a Hellen, wokulira m'tauni, amene mawu amangowalankhula monga alili. Tsiku lina m'mawa anafika pampandapo ali ndi chotchinga kukamwa.

"Mayi, matenda akula," anatero, n'kuthamangira kwa odwala ena.

Mayi Matilda anagwedeza mutu ngati mmisiri woyamikira ntchito ya mnzake. Sanafunse kanthu, pakuti wouzidwa chotere safunsa. Anamanga chitenje, n'kuimbira foni alamu awo a Jasten kumudzi kuno kuti auze adzukulu okumba manda. Masiku amenewo maliro a korona sankagonetsa, choncho makasu anayamba kulira nthawi yomweyo. Dzuwa lisanapendeke manda anali atatha, amayi akutchalitchi ali pakati pa nyimbo, ine nditalira kale gawo langa.

Kuchipatala kuja, mayi Matilda ataona kuti nthawi ikutha, anamukodola namwino uja.

"Thupi mutipatsa nthawi yanji?"

"Thupi la ndani, mayi?"

"La bambo akunyumba kwathu. Paja munati matenda akula."

"Akuladi. Tawonjezera mpweya. Koma bambowo ali moyo."

"Ndiye mwati achira?"

"Iyayi, zimenezo sindinanene. Sitikudziwa."

Uthenga wachiwiri utafika kumudzi nyimbo inadukira pakati. Ena anaseka, ena anayamba kufunafuna nsapato zawo. Koma panatsala nkhani ya dzenje. Kwathu manda okumbidwa sawasiya kukamwa kuli yasa. Ngati palibe woikamo, amaikamo thunthu la nthochi n'kukwirira. Adzukulu anali atathyoka misana, ndipo dothi la ku Utale nthawi yachilimwe mukulidziwa, khasu limachita kudumpha.

A Jasten anaimba foni tili pamanda pomwepo, n'kukweza mawu a foniyo kuti tonse timve. Si munthu woipa ayi, kungoti amaganiza ngati mlimi.

"Alamu, adzukulu akufunsa. Tikwirire nthochi, kapena tidikireko mpaka mawa? Poti mwati achipatala sakudziwa."

Chapatali m'fonimo tinkangomva munthu wina akutsatsa mandasi. Ine ndinapsa mtima, osadziwa woti ndimupsere, chifukwa funsolo tonse tinali nalo m'mimba, a Jasten anangotilankhulira.

"Kwirirani," anatero mayi Matilda. "Lero lomwe. Ndipo mupondepo kwambiri."

"Nanga zikavuta mawa, alamu?"

"Ndidzakumba ndekha."

A Jasten anaiwala kudula foni, nawonso mayi Matilda sanadule. Adzukulu anatola mafosholo popanda wodandaula. Ife tinangoima pamandapo, dothi likugwera pathunthu la nthochi, tikumva mayi Matilda kutsidya kwa Shire akulira mwamuna wamoyo.