Mizere Imene Ndinakana Kusindikiza

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndikuika nyimbo m'mafoni a anthu pa Liwonde. Dipuloma yanga ya za makompyuta inkangonyambitidwa ndi mphemvu m'sutikesi, ndipo achibale anali atayamba kundifunsa ngati sukulu yonse ija inali yophunzirira kukopera nyimbo za kwaya. Tsiku lina kunabwera Che Ajasi, dalaivala wa kampani ina yogula thonje ku Balaka, atanyamula foni yozima. Nditaidzutsa anati, "Achemwali, kwathu kuja akufuna munthu wa makompyuta. Amene analipo anathawa." Chimene anathawa sindinafunse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinali mu minibasi.

Anandilemba mongondiyesa kaye. Kampaniyo inkalemba mayina a alimi m'midzi, kuwapatsa mbewu ndi mankhwala, kenako kudzagula thonje lawo. Makalaliki ankapita kumidzi ndi matabuleti, ndipo akabwerako tabuleti iliyonse inkatumiza mayina ku seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse. Sevayo inkakhala m'kachipinda kotentha ngati uvuni wa njerwa, ndipo ine ndi iyo tinkapsera limodzi.

M'kachipinda mmenemo ndi mmene ndinaphunzira kuwerenga malogi. Logi ndi mizere imene makina amadzilembera okha: nthawi yakuti walowa wakuti, pa chipangizo chakuti, wachita zakuti. Imachuluka moti ukati uwerenge yonse imvi zikupeza pampando. Ndiye timasefa. Pali lamulo lotchedwa grep, limene ukalipatsa mawu limakutolera mizere yokhayo yokhala ndi mawuwo, ndi lina lotchedwa tail loonetsa zimene zangochitika kumene. Pulinta ikanyanyala, netiweki ikagwa, ndinkathamangira ku logi, ndipo ndinayamba kudzimva kuti palibe chondibisalira.

Munthu amene anandilandira bwino pa ofesipo anali Abiti Saidi, kalaliki wa dera la Utale, mayi wamkulu kuposa tonse. Ndi iwo amene anandilowetsa mu mmemo wa masana. Akandiona ndikutuluka m'kachipinda kaja thukuta lili kamukamu ankafunsa, "Mwanangu, amuna ako aseva adzuka bwanji lero?"

Chakumapeto kwa chilimwe mayi awo a Abiti anamwalira ku Ngokwe. Kampani inkapereka masiku ochepa kwambiri a maliro, ndipo akulikulu ku Blantyre ankayang'ana pakompyuta kuti aone amene sanagwire ntchito. Choncho pa ofesipo panali mwambo: wopita kumaliro ankasiya pasiwedi yake monga umasiyira mnansi kiyi wa nyumba, anzake n'kumamugwirira ntchito m'dzina lake mpaka abwere. A Matola, manijala wathu, ankadziwa zimenezi, ndipo pakamwa pawo sipankachoka mawu akuti maliro n'kulirana. Mabuku a kusukulu amati pasiwedi sabwereka. Amene analemba mabukuwo sanayendepo ulendo wa ku Ngokwe ataferedwa. Abiti anasiya pasiwedi, nanyamuka, nati abwera sadaka ikachitika.

Tsiku logawa mbewu, alimi a ku Utale analawirira panjinga zawo. Mitambo inali itayamba kusonkhana ndipo aliyense ankafuna kubzala ndi mvula yoyamba. Wogawa mbewu atatsegula kompyuta anapeza mayina ambiri a ku Utale kulibe. Pageti panabuka phokoso. A Matola analowa m'kachipinda kanga, kamene sankakapondamo chifukwa cha kutentha, naima kumbuyo kwanga.

"Sakani amene wafufuta," anatero.

Ndinatsegula logi ya pulogalamu yathu n'kusefa ndi mawu osonyeza kufufuta. Mizere inatsika mbwee, ndipo uliwonse unali ndi akaunti imodzi: ya Abiti Saidi.

"Basi, wapezeka. Sindikizani imeneyo."

"Dikirani kaye, bwana. Mayi aja ali kumaliro."

Ndinauza grep kuti andionetsenso mizere ya pamwamba ndi pansi pa uliwonse, kenako ndinachotseratu sefa n'kuyamba kuwerenga logi ya dzulo lake mwakachetechete. Akaunti ya Abiti inalowadi, koma nambala ya tabuleti sinali ya tabuleti yawo. Yawo anaikiyira m'dilowa ponyamuka. Imene inalowa inali tabuleti yakale ya m'kabati, imene mnzathu wina anaitola kuti akawagwirire ntchito ku Utale. Munali mndandanda wa chaka chatha, ndipo wotchi yake inali itasokonekera n'kuthamangira kutsogolo. Seva yathu inapangidwa kuti izikhulupirira chipangizo chimene chabweretsa nkhani yatsopano kwambiri. Itaona deti lakutsogololo inati uwu ndiye mndandanda weniweni, n'kufufuta aliyense amene munalibe. Palibe chala cha munthu chimene chinadina kuti fufuta.

Ndinaitsekera kunja tabuleti ija, ndinatenga bakapu ya dzana, kope la mayina limene tinasunga padera, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo mayina onse anali atabwerera. Alimi analandira mbewu namangirira panjinga. Ine ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ndinali mwana.

Masana a Matola anandiitana muofesi mwawo. Anati akulikulu amva kale za phokoso la pageti ndipo akufuna dzina.

"Logi yatchula dzina. Inu mukutsutsa logi yanu yomwe?"

"Iyayi bwana, logi yatchula akaunti. Dzanja sinalione."

Anatseka chitseko natsitsa mawu. "Mukalemba za pasiwedizi ofesi yonse ipsa, ndi ine ndemwe. Mayi aja atsala pang'ono kupuma pantchito. Pakupha nyani sayang'ana nkhope. Sindikizani mizere ija yokha, simunama ayi."

Mawu omalizawo ndi amene anandiwiritsa magazi, chifukwa anali oona. Mzere uliwonse papepalalo ukanakhala woona, koma pepala lonse likanakhala bodza lamkunkhuniza. Ndipo bodzalo akanalinena ndi dzanja langa, pa mayi amene nthawi yomweyo anali atakhala pamphasa kulira mayi awo. Ntchito yanga inali isanakhazikike ndipo ku Liwonde mafoni aja ankandidikira. Koma ndinati, "Bwana, sefa ndi yanga. Ndikatumiza logi nditumiza yonse."

"Mwana iwe, wabwera liti pano?" Ulemu wa inu uja unathera pomwepo.

Ndinatuluka n'kukafunsa anzanga ngati pali amene angapite nane kukanena zoona. Aliyense anapeza chochita. Wina anayamba kupukuta tebulo loyera kale. Anthu omwe aja amene anagawana ntchito ya Abiti ndi mtima wabwino tsopano ankayang'ana pansi. Sindinawafunse amene anatola tabuleti m'kabati, ndipo mpaka lero sindifuna kudziwa. Iyeyo sanalakwe kuposa Abiti.

Ndinabwerera m'kachipinda kanga n'kulemba lipoti. Ndinaikamo logi yonse ya tsikulo yosasefa, ndinalemba mzere kunsi kwa nambala ya tabuleti ndi deti lolakwika, ndipo ndinafotokoza kuti mwini akaunti anali kumaliro ku Ngokwe pamene anzake ankamugwirira ntchito monga tinkachitira tonse. Ndinanenanso kuti seva yokhulupirira wotchi ya tabuleti iliyonse ndiyo iyenera kukonzedwa. Ndinatumiza kwa a Matola ndi kulikulu nthawi imodzi, kuti pasakhale wosefanso panjira.

Zotsatira zake sizinali za nthungululu. Ofesi yonse inalandira makalata a chenjezo. Mwambo wosiyirana pasiwedi unathetsedwa, ndipo pamene Che Ajasi, yemwe uja anandipezera ntchito, anaferedwa mchimwene wawo, anabwerera kuntchito misozi isanaume chifukwa malamulo onse a maliro anali atakhwimitsidwa. Zimenezo zinandipweteka ndipo zimandipwetekabe. Ku mmemo anasiya kundiitana. Ndikalowa m'chipinda nkhani inkaduka. Nthawi yondiyesa itatha anandiuza kuti ntchito ndimaidziwa koma sindigwirizana ndi anzanga, choncho ntchito yatha. Ndinanyamula chikwama changa mutu uli m'mwamba, ndipo sindinapepese kwa wina aliyense.

Abiti Saidi ntchito yawo inakhalapo. Tsiku limene anabwera kuchokera ku Ngokwe analowa m'kachipinda kanga, mpango wakuda uli kumutu, nakhala pa katoni ya mapepala. Anati, "Mwanangu, ndamva kuti ndinafufuta anthu a ku Utale ndili kumanda." Tinaseka, kenako anandigwira dzanja osalitaya, ndipo onse tinasiya kuseka. Anagwira ntchito mpaka anapuma ndi dzina lawo loyera.

Pano ndimayang'anira maseva kwina, ndipo malogi ndimasefa tsiku ndi tsiku. Chimene ndinachoka nacho ku Balaka n'chakuti sefa imakupatsa chokhacho chimene waipempha. Ukapita ku logi uli ndi dzina la munthu kale m'mutu, ulipezamo ndithu. Choncho ndisanatchule munthu ndimayang'ana mizere ya pamwamba ndi ya pansi, nambala ya chipangizo, ndi wotchi yake. Bwana akaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti basi wapezeka, ndimachotsa sefa n'kuwauza kuti akoke mpando, tiwerenga yonse.