Dzina la Tcheya Lili ndi Mwini Kale

Nditapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, adokotala anandiuza kuti mapilisi okha sakwanira, ndiziyendanso. Umu ndi momwe ndinalowera gulu la anthu oyenda Loweruka m'mawa. Tinkakumana pamphambano ya ku Sadzi dzuwa lisanatenthe, n'kumakwera phiri la Zomba mpaka pomwe miyendo yatilolera. Ambiri anali opuma pantchito za boma, ena odwala shuga, ena a mawondo, ena ongothawa kusesa pakhomo. Ine ndinali wamng'ono pa onse, ngakhale mwana wanga woyamba anali atakwatiwa kale.

Gululo linali ndi atsogoleri awiri, koma panalibe amene anawasankha. Oyamba anali bambo ena opuma pa uhedimasitala, omwe tinkangowatchula kuti Aphunzitsi. Iwo ankati gululo analiyambitsa okha. Achiwiri anali a Sajeni, opuma ku polisi, omwe ankayenda ndi wezulo m'khosi ndipo ankati popanda iwo bwenzi theka la gulu litasochera m'nkhalango ya mapaini. Munthu akaitana kuti "a Tcheya", onse awiri ankatembenuka. Ife tinaphunzira kuitana maso ali pansi.

Nthawi imeneyo ndinkatayipa makalata mu ofesi ina ya boma, ndipo abwana anali atanditumiza kumaphunziro a kompyuta. Ndinabwerako ndikudziwa kupanga tsamba la pa intaneti, manja akundiyabwa. Ndinauza gulu kuti ndipanga tsamba loti aliyense azilembapo ngati abwera Loweruka, kuti tisamaime pamphambano kudikira munthu amene ali m'bulangeti ku Mbedza. Anandiombera m'manja.

Chimene ndinkanyadira kwambiri patsambalo chinali kanthu kakang'ono. Polembetsa, munthu ankasankha dzina lolowera. Akalilemba, tsambalo linkayamba layang'ana m'kaundula wake wa mayina ngati wina analitenga kale. Likapanda kulipeza, munthu ankalowa. Likalipeza, pankatuluka mawu ofiira akuti, "Pepani, dzinali lili ndi mwini kale." Mawu akuti pepani ndinachita kuwonjezera poganizira akuluakulu.

Kuti zimenezi zitheke zinanditengera masabata awiri. Poyamba tsambalo linkakana dzina lililonse. Nditakonza linayamba kuvomera onse, moti amuna anga analembetsa katatu ndi dzina limodzi. Tsiku lina ku ofesi, nthawi ya nkhomaliro, ndinaona ngati ndapeza pomwe panalakwika, ndipo ndinayesa ndi mawu oyamba amene anandibwerera. Ndinalemba "tcheya", n'kuika nambala ya foni yanga. Linalowa. Ndinalembanso "tcheya", mawu ofiira aja psuu! Ndinaimirira n'kuvinako pang'ono, a mesenjala akundiyang'ana modabwa. Koma zofufuta dzinalo ndinaiwaliratu.

Lachitatu lotsatira Aphunzitsi anandiimbira foni.

"Mayi, makina anuwa akundinyoza. Ndalemba dzina la udindo wanga, akuti lili ndi mwini."

"Ndiye kuti wina wakutsogolerani, Aphunzitsi," ndinayankha mosangalala kuti tsamba likugwira ntchito.

"Ndamva. Sindikufunsani kuti ndani. Ndikumudziwa." Anadula foni.

M'mawa mwake anaimba a Sajeni. "Mayi, hedimasitala uja walanda boma kudzera pa intaneti. Inu mumadziwa?"

Ngati onse awiri akanidwa, watenga dzinalo ndani? Ndinatsegula kaundula uja pa kompyuta ya ku ofesi. Pamzere woyamba penipeni panali "tcheya", pambali pake nambala yanga.

Ndikanatha kulifufuta nthawi yomweyo. Chala chinafika pabatani, koma ndinaganiza kaye. Ndikalifufuta, woyamba kulemba alitenga, ndipo winayo akhala ndi chifukwa chenicheni chokwiyira. Kuulula nakonso kunandikanika: ine mwana wadzulo m'gulu, ndikawauze bwanji akuluakulu kuti ndinadzilemba utcheya? Ndinatseka kompyuta n'kudziuza kuti aiwala.

Sanaiwale. Loweruka sanapatsane moni. Aphunzitsi anatsogola ndi anthu awo kudzera mumsewu wa tala, a Sajeni anatenga awo kudzera njira yachidule yotsetsereka, yomwe amayi amatsikira ndi mitolo ya nkhuni. Ine ndinkayenda pakati ngati mleme, osadziwa kolowera. Sabata imeneyo a Sajeni anayesa kulemba dzinalo m'zilembo zazikulu, koma tsamba langa linkaona zazikulu ndi zazing'ono ngati chimodzimodzi, ndipo linawapepesanso. Analembetsa kuti "tcheyaweniweni". Aphunzitsi atamva analembetsa "tcheyawoyamba". Bambo ena a mawondo, omwe sankayankhula kawirikawiri, analembetsa "tcheyawamawa", ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka.

Zinatha masabata atatu. Amene anatopa nazo anali mayi ena opuma pa unamwino, omwe tinkawatchula kuti a Nesi. Loweruka lachinayi magulu onse awiri anakumanizana padamu la Mulunguzi, aliyense akupuma mwawefuwefu, chifunga chikuyamba kuyera pamadzi. Tinali titagula mabulosi kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo anthu ankadya chete, milomo ili bii.

"Ife tinabwera kuno kudzatsitsa shuga, osati kudzaonera ndewu ya atambala," anatero a Nesi. Kenako anandiyang'ana ine. "Mayi, kaundula wanuyo amatseguka pafoni?"

Ndikanati ayi. Koma a Nesi anali ndi maso ozolowera odwala onama kuti amwa mankhwala.

"Amatseguka," ndinatero.

"Tsegulani. Werengani nambala ya mwini dzinalo, tonse timve."

Ndinapemphera kuti netiweki isowe, monga imachitira kawirikawiri pamwamba paja. Tsiku limenelo inali yodzaza. Ndinali ndi mafoni awiri, yaikulu yolowera pa intaneti yomwe inali m'manja, ndi kakang'ono ka mabatani komwe kanali m'chikwama, kamene nambala yake ndinalemba tsiku lija. Ndinayamba kuwerenga nambala pang'onopang'ono. Ndinkadalira zoti akuluakulu sasunga manambala pamtima.

"Si yanga imeneyo," anatero Aphunzitsi.

"Ngakhalenso ine si yanga," anatero a Sajeni. Awiriwo anayang'anana koyamba m'masabata atatu. "Bwerezani, mayi. Timuimbire pompano, timumve mawu."

Ndinabwereza. A Sajeni anadina manambala imodziimodzi, magalasi ali pamphuno, n'kukweza foni m'mwamba kuti onse amve. Kenako m'chikwama changa munayamba kulira nyimbo ya kwaya ya kutchalitchi kwathu, yomwe mwana wanga anandiikira. Inalira vesi lonse. Palibe anasuntha, ndipo ine ndinkangoyang'ana damu ngati kuti nyimboyo ikuchokera m'madzi.

"Yankhani, a Tcheya," anatero a Nesi.

Anthu anagwa nako kuseka. Bambo a mawondo aja anakhala pansi pa udzu wonyowa, misozi ili chuchuchu. Ine ndinafotokoza zonse mwachibwibwi, za kuyesa, za kuiwala, za mantha, ndikupepesa uku ndi uku.

A Sajeni anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu. "Zaka zonse ndinagwira ku polisi zija, wakuba amayenda pambali panga masabata atatu, ine osamununkhiza."

"Amatipatsanso madzi akumwa," anawonjezera Aphunzitsi. "Sajeni, tagwetsedwa ndi wotayipa."

Ndinanena kuti ndilifufuta dzinalo pomwepo. Onse awiri anakuwa kuti ayi, aliyense akuopa kuti mnzake ali ndi zala zachangu. A Nesi anafunsa gulu ngati pali wotsutsa kuti dzinalo likhale pomwe lili, pamodzi ndi udindo wake. Palibe anatsutsa. Ine ndinakweza mkono, koma anandiuza kuti wolakwa savota.

Ndinakhala tcheya zaka ziwiri, ndipo ndinazindikira chifukwa chake akuluakulu aja ankalimbirana dzina lokha. Ntchito yake inali kuimbira anthu Lachisanu lililonse, kukazonda odwala ku Zakazaka ndi ku Mbedza, ndiponso kutsalira m'mbuyo ndi aliyense amene phiri lamukanika. Tsamba lija silinathe chaka, poti anthu ankaiwala mawu awo achinsinsi n'kumandiimbira kuti ndiwakumbutse. Aphunzitsi ndi a Sajeni anadzipatsa okha ntchito ya alangizi anga. Pamphambano, wina ankandinong'oneza kuti tidzere kumsewu, winayo kuti tidzere chidule. Ine ndinkawathokoza onse awiri, kenako n'kufunsa a Nesi kuti mawondo a anthu ali bwanji m'mawa umenewo.