Maluwa Asanu Okha

Zinayamba ndi kukanda kukhosi Lolemba lina mu Julaye, kutatsala milungu iwiri kuti ndikayesedwe Chingerezi cha pakamwa. Popanda mayeso amenewo sindikanaloledwa kugwira unesi kuno ku Perth, ndipo ndinali nditalephera kale kamodzi.

Pofika Lachitatu thupi linali litatentha, malovu osamezeka, mawu atatsala onong'ona. Mayi Lin, Mtchaina amene tinkasamalira naye okalamba ku Fremantle, anandipatsa kapaketi ka maluwa ouma achikasu. Kwawo amawatcha jin lian hua, duwa lagolide, ndipo ndi mankhwala akale a zilonda zakukhosi. Anati ndiponye asanu okha m'kapu ya madzi otentha, ndipo ndikapanda kupeza bwino ndipite kwa dokotala.

Asanu? Ndinaseka chamumtima. Kwathu ku Dedza mankhwala timawiritsa mpaka madzi ade, akapanda kuwawa timati ndi tiyi. Ndinakhuthulira paketi yonse m'poto, n'kumwa makapu atatu. Lachinayi lonse ndinathera kuchimbudzi.

Lachisanu ngakhale phala linakana kutsika, ndipo ndinachita mantha kuti mayeso andipitanso. Bambo a kunyumba anandiperekeza kuchipatala ku Nedlands. Tinadikira kuyambira m'mawa mpaka masana. Nesi anandipukuta kukhosi ndi kathonje kokayeza, kenako anandiika diripi. Dokotala atati kukhosi kuli mafinya, ndinamuonetsa kapaketi kaja mwamanyazi.

"Maluwawa si achabe," anatero. "Ali ndi zinthu zotchedwa mafulavonoidi, zomwe zimachepetsa kutupa. Koma apa pafunika maantibayotiki. Mukanachedwa, chikanakhala chithupsa."

Ndinamwa mapiritsi masiku khumi osadumphitsa. M'mimba mutakhazikika, dokotala atavomereza, Mayi Lin anandibweretsera maluwa ena, osandiseka n'komwe. Ulendo uno ndinawerenga asanu. Anatambasuka m'kapu ngati angothyoledwa kumene, madzi n'kukhala agolide, owawirako pang'ono, oziziritsa kukhosi. Ndinagoma nawo anthu amene anadziwa kalekale osati duwa lokha, komanso muyezo wake.

Mayeso ndinayankha ndi mawu osasa, koma ndinakhoza.

Lero ndili bwino, ndipo ndine nesi. Abale anga, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kukhosi kukapweteka masiku awiri thupi likutentha, pitani kuchipatala. Odwala anga akaulula kuti anawonjezera okha mankhwala kuti achire msanga, ndimawalangiza modekha. Kukalipa ndilibe nako pakamwa.